Za Bourne yachiwiri ija mwafunsa, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati ndinu nokha amene mwaona kuti The Bourne Supremacy yachepa mphamvu poyerekeza ndi The Bourne Identity, poti Marie, chibwenzi cha Bourne, amupha koyambirira kwenikweni komanso kamera ikungogwedezeka mpaka mutu kuwawa. Simuli nokha, ambiri amadandaula zomwezo. Koma ine yachiwiriyi ndi imene inandikhala mumtima, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Amene simunaonere, ndiulula mathero, ndiye mungodumpha.

Yoyamba ija, ya 2002, ndinaionera mu vidiyo shoo ina ku Chinamwali, titapanikizana pa benchi, pakhomo atatchinga ndi chiguduli. Kukoma kwake n'koti iwe woonera ndi mwini filimu, Jason Bourne, mumayamba nonse muli mumdima. Asodzi amuvuula m'nyanja ya Mediterranean ali ndi zipolopolo ziwiri kumsana, dzina lake salidziwa. Akafika ku banki ku Zurich akupeza mapasipoti ambirimbiri, ndalama ndi mfuti. Mutu waiwala zonse koma manja akukumbukira kumenya. Ndiye pakubwera Marie, amene anasewera Franka Potente, mtsikana wongoyendayenda yemwe wavomera madola 20,000 kuti amufikitse ku Paris pa kagalimoto kake kofiira ka Mini. Doug Liman, amene anatsogolera filimuyo, anawapatsa awiriwa mpata wopuma: amacheza m'galimoto, Bourne amamumeta tsitsi ndi kulidaya, mpaka iwe kuyamba kuwafunira zabwino. N'chifukwa chake imfa yake yakupwetekani.

Chimodzi chokha chimandinyansa mu yoyambayo. Wombosi, mtsogoleri wa ku Africa wochotsedwa pampando amene Bourne anatumidwa kukamupha, anamupanga kukhala munthu wongokalipa basi, ngati kuti mtsogoleri wa kuno alibe khalidwe lina. Komabe mfundo ili pomwepo: Bourne analephera kuwomba chifukwa anamupeza ali ndi ana ake. Musaiwale anawo, chifukwa yachiwiri yatsamira pamenepo.

Za kamera sindikutsutsani. Ya 2004 inatsogoleredwa ndi Paul Greengrass, munthu amene anayambira ku mapologalamu ofufuza nkhani a pa TV, ndipo amakonda kamera yonyamula pamanja. Ndewu ya ku Munich ija, pomwe Bourne akumenyana ndi mnzake wakale wa Treadstone, gulu lachinsinsi lopha anthu la bungwe la akazitape la ku America la CIA, atapinda magazini ngati chibonga, ukaonera pa foni sudziwa kuti chibakera ndi cha ndani. Pa TV yaikulu zimaoneka bwinoko, koma ndewu ya cholembera ya ku Paris mu yoyamba ija inajambulidwa momveka kuposa.

Koma za Marie ndiye tisiyana. Taonaninso mmene afera ku Goa, ku India. Angosinthana malo, Marie ndiye ali pa chiwongolero, ndipo chipolopolo cha Kirill, chigawenga cha ku Russia chotumidwa kudzapha, chinali cha Bourne. Pa nthawi imeneyo n'kuti akumuuza kuti sakukakamizidwa kubwerera ku moyo wakupha, angathe kusankha. Galimoto igwera mumtsinje, Bourne ayesa kumupumira mpweya m'kamwa pansi pamadzi, kenako amusiya akupita ndi madzi. Atentha mapepala ake onse n'kusunga chithunzi chimodzi. Kuyambira apo Matt Damon, amene akusewera Bourne, sasekanso, mawu ake ndi owerengeka, ndipo tonse timayembekeza kuti abwezera. Afika pomuloza mfuti Pamela Landy, mayi wa CIA amene akumusaka, ku Berlin ali padenga, osawomba. Ward Abbott, mkulu wa CIA amene anaba ndalama mogwirizana ndi mkulu wa mafuta wa ku Russia, amupeza yekha mu hotela, angomujambula mawu n'kumusiya wamoyo. Marie sanachoke mufilimu, ndi iye akugwira dzanja limenelo.

Tsono mathero. Atathamangitsana ndi Kirill m'misewu ya Moscow pa takisi, phewa likuchucha magazi, Bourne sakuthawa mumzinda. Akutsimphina kupita ku nyumba ya mtsikana wina, Irena Neski. Ntchito yake yoyamba inali kupha bambo a mtsikanayu, wandale Vladimir Neski, mu hotela ku Berlin. Anapezamonso mayi ake, anawapha onse, n'kukonza kuti zioneke ngati mayiwo anapha amuna awo kenako n'kudzipha. Mwana wakula ndi mbiri imeneyo. Inu mukudziwa mmene nkhani yotere imam'tsatirira munthu kwathu kuno, ku sukulu, ku chitsime, mpaka tsiku la chinkhoswe anthu akunong'onezana kuti ndi mwana wa mayi uja. Bourne akhala pampando, manja ali magazi, amuuza kuti mayi ake sanaphe munthu, wakupha ndi iyeyo. Apepesa, atuluka, ayenda yekha m'chipale chofewa. Palibe amene wamutuma, ndipo palibe chimene apindula. Mu yoyamba yonse mulibe malo olemera chonchi.

Ndikukayikira chinthu chimodzi, achimwene. Ngati yanuyo munaitenga kwa anyamata oika mafilimu pa fulashi mumsika wa Zomba, mwina ndi yomasulira m'Chichewa. Inenso ndinayamba ndi yotero, ndipo pa malo a Irena omasulirawo anadzazapo nthabwala, anthu n'kumaseka, ine osatolapo kanthu. Ndinadzaimvetsa patapita zaka, kunyumba ku Matawale, usiku ana atagona. Pezani yosamasulira, mukweze mawu pang'ono, muyang'ane nkhope ya mtsikanayo pamene akumva kuti mayi ake anali osalakwa. Mukatero mudzandiuze pano ngati maganizo anu akadali omwewo.