Ng'ona zikutha kuti, poti ku Shire zikutimaliza?

Aphunzitsi ena a ku Nsanje anditumizira imelo. Akuti ana a Sitandade 8 anawapanikiza ndi mafunso: ng'ona inachokera kuti, kodi n'zoona kuti inakhalako nthawi ya madainaso, nanga bwanji mabuku ena amati ng'ona zatsala pang'ono kutha? Pamapeto aphunzitsiwo aikapo funso lawolawo, lomwe likumveka kuti lachokera pamtima wowawa. Akuti kwawoko ng'ona zimagwira amayi potunga madzi, zimagubuduza asodzi m'bwato, ndiye munthu wanzeru zake angawauze bwanji kuti nyama yotere itetezedwe?

Zikomo aphunzitsi. Ndiyambe ndi za anawo, zanuzo tizipeza m'njira.

Ana ambiri amaganiza kuti ng'ona ndi mkulu wake wa ng'azi. Maonekedwe akuwanamiza. Mwa zamoyo zonse zimene zilipo lero, mbale wapafupi wa ng'ona ndi mbalame. Zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo, mtundu umodzi wa zokwawa unagawikana pawiri. Mbali ina inabala madainaso, ndipo mwa madainasomo ndi momwe munatuluka mbalame. Mbali inayo ndi imene inadzabala ng'ona. Ubalewu umaoneka mpaka lero. Ng'ona ili ndi mtima wa zigawo zinayi monga mbalame. Imalondera chisa chake, ana amalira akadali m'dzira, mayi n'kumva, kufukula, kuwanyamula pakamwa kupita nawo kumadzi. Ng'azi ikaikira mazira imapita, za ana sizikuikhudza.

Makolo ndi achibale a ng'ona sanali a m'madzi onse, ndipo umboni wina tili nawo konkuno. Ku Karonga, kudera la Mwakasyunguti komwe kunapezeka mafupa a dainaso wotchedwa Malawisaurus, kunafukulidwanso kanyama kena kam'banja la ng'ona. Mu 1997 katswiri wa kwathu, Elizabeth Gomani, anakafotokoza n'kukapatsa dzina loti Malawisuchus. Kanali kosafika mita imodzi, koyenda pamtunda, kokhala ndi mano otafunira. Ng'ona ya lero simatafuna, imang'amba n'kumeza. Nyengo yoyandikana ndi yomweyo, kudera lomwe lero ndi Niger, kunali chimphona chotchedwa Sarcosuchus, chotalika mamita 9 kapena kuposerapo. Ndiye anawo auzeni kuti inde, banja la ng'ona linakhalira limodzi ndi madainaso, koma ng'ona ya mu Shire si imene inaliko nthawi imeneyo. Zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala chochokera kuthambo chinagwa kudera la Yucatán ku Mexico, madainaso n'kutha, kupatula mbalame. Ng'ona zinapulumuka. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chinazithandiza n'kukhala m'mitsinje komanso kutha kupirira miyezi osadya.

Lero pali mitundu yopitirira 20, pafupifupi yonse m'madera otentha. Yathuyi, ya mu Shire, Elephant Marsh, Luangwa, Zambezi ndi Kariba, imatchedwa ng'ona ya mu Nile. Yaikulu kuposa zonse imakhala kumpoto kwa Australia ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo imalowa ngakhale m'nyanja yamchere. Ina mwa zimenezi, yomwe inagwidwa ku Philippines mu 2011 n'kupatsidwa dzina loti Lolong, inali ya mamita 6.17. Ku Mauritania kuli ng'ona zokhala m'timaiwe ta m'chipululu cha Sahara, zotsalira za nthawi imene kunkagwa mvula.

Tsono za funso lanu lija. Mukunena zoona, ng'ona ya mu Shire sikutha. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba zamoyo zomwe zili pangozi, limaika ng'ona ya mu Nile m'gulu la zosadetsa nkhawa. Alenje a zikopa anaichepetsa kwambiri zaka za m'ma 1950 ndi 1960, koma malamulo atabwera inachulukanso, chifukwa ndi nyama yosasankha. Imadya nsomba, mbuzi, galu, chakufa. Dziwe likaphwa imayenda pamtunda kukafuna lina. Mukamanga damu imasangalala. Amene akufuna kuyankhula za ng'ona ku Nsanje ndi ku Chikwawa ayambe wayankhula za mijigo, za madooko otchingidwa bwino, ndi za alonda a nyama zakutchire ofika msanga ng'ona ikazolowera mudzi. Pamenepo ine ndili mbali yanu.

Koma mabuku aja akamati ng'ona zikutha, amanena nyama zina. Pali ya ku Philippines ya m'madzi opanda mchere, ya ku Cuba, ya ku Cambodia ndi maiko oyandikana nawo. Ine imene imandimvetsa chisoni kwambiri ndi gharial ya ku India ndi Nepal.

Gharial mukaiona pachithunzi mungaseke. Thupi ndi la ng'ona yaikulu, yamphongo imatha kuyandikira mamita 6, koma mlomo ndi wautali, woonda, wokhala ndi mano ang'onoang'ono akuthwa opitirira 100. Yamphongo ikakhwima imamera chotupa kumapeto kwa mlomo, chooneka ngati kamphika kovundikira. Mlomo woterewu ndi wogwirira nsomba, sungakoke ng'ombe, ndipo gharial sidziwika kuti imasaka anthu. Miyendo yake ndi yofooka moti yaikulu singanyamule thupi n'kuyenda, imangodzikhwekhwereza pamimba. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mtsinje wake ukaonongeka, ilibe kothawira.

Imafuna zinthu zochepa koma zosasinthanitsika: madzi oyenda, maiwe akuya okhalamo nthawi ya chilimwe, nsomba, ndi milu ya mchenga m'mphepete mwa madzi yootherapo dzuwa ndi kuikirapo mazira. Imaikira cha mu Malichi ndi Epulo, ana n'kuswa cha mu Juni mvula yawo yaikulu ili pafupi. Kutentha kwa mchengawo ndi kumene kumachititsa kuti mwana akhale wamphongo kapena wamkazi. Ana akaswa amasonkhana mazanamazana pamalo amodzi, ndipo yamphongo yaikulu imawalondera, ena atakwera pamutu pake. Ofufuza a pa mtsinje wa Chambal ku India akhala akuziona zimenezi chaka ndi chaka.

Kale gharial inkapezeka kuyambira mu mtsinje wa Indus ku Pakistan, kudutsa mu Ganges ndi Brahmaputra, mpaka mu Irrawaddy ku Myanmar. Pofika zaka za m'ma 1970 inali itatsala pang'ono kuzimiririka. Mu 1975 boma la India, mothandizidwa ndi mabungwe a United Nations, linayamba ntchito yotola mazira, kuwaswetsa m'malo otetezedwa monga Kukrail ku Lucknow, kulera ana mpaka atakulako, kenaka n'kuwabwezera mumtsinje. Nepal inachita chimodzimodzi ku Chitwan kuyambira 1978. Chigawo chachitali cha mtsinje wa Chambal chinasandutsidwa malo otetezedwa kumapeto kwa zaka zomwezo.

Ana masauzande anatayidwa m'mitsinje mwa njira imeneyi. Komabe mu 2007 IUCN inaika gharial m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yoopsa, ndipo kuwerengera komwe kunatuluka mu 2019 kunapeza zazikulu zobereka pafupifupi 650 zokha. Nanga ana onse aja anapita kuti? Ambiri amakokoloka ndi madzi osefukira, kudutsa pazipata za madamu, n'kukathera kumunsi komwe kulibe chitetezo ndipo sangabwerere. Ena amakodwa m'maukonde a nayiloni. Mlomo woonda uja ukakulungidwa ndi ukonde, nyama imamira kapena kufa ndi njala pang'onopang'ono. Madamu ndi mapampu a ulimi wothirira amaphwetsa maiwe. Alimi amabzala mavwende ndi nkhaka pa mchenga womwe uja woikirapo mazira. Ndiye pali mathirakitala okumba mchenga womangira nyumba m'mizinda, ntchito yoletsedwa koma ya ndalama zambiri, yomwe yaphetsapo apolisi ndi alonda a nkhalango kumeneko. Kuonjezera apo, kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 gharial zopitirira 100 zinapezeka zitafa mu Chambal, impso zitaonongeka, ndipo ofufuza anakayikira poizoni wolowa kudzera mu nsomba.

Kwa ine, cholakwika cha zaka zoyambirira chinali kuwerenga ana otayidwa m'madzi m'malo mowerenga zisa. Kuswetsa mazira kumaoneka bwino, nduna imabwera, atolankhani amajambula. Kuletsa munthu wamphamvu kukumba mchenga kulibe chithunzi chokoma, ndipo kumadanitsa. Sindikunyoza oswetsa mazira, popanda iwo mwina bwenzi tikukamba za nyama yomwe inatha kale. Koma Chambal ndi umene uli ndi gharial zambiri kuposa mtsinje wina uliwonse, ndipo chifukwa china n'chodabwitsa. Anthu akumeneko ankaukhulupirira kuti ndi mtsinje wotembereredwa, komanso zigwembe zake zinali mobisalamo achifwamba kwa zaka zambiri. Mizinda ikuluikulu ndi mafakitale sizinachuluke m'mphepete mwake monga zinachitikira pa mitsinje ya Ganges ndi Yamuna. Mantha anausunga mtsinjewo boma lisanaganize zousunga.

Anawo akafuna chitsanzo cha kwathu cha chamoyo cha m'madzi chomwe chikuvutika mofanana, musawalozere ng'ona ya mu Shire. Auzeni za mpasa ndi ntchila, nsomba za m'nyanja ya Malawi zomwe zimakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaswana. Mpasa amafuna timiyala toyera pansi pa mtsinje, monga mu Bua mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota. Mitengo ikadulidwa kumtunda ndipo madimba akafika mpaka m'madzi, matope amakwirira timiyalato, pomwe pakamwa pa mtsinje maukonde amakhala atatchinga kale njira. Ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanjayi zaka za m'ma 1950, lero ana ambiri a kunyanja sanaionepo.