Mwafunsa, Tayankha: Wezulo pa zaka 52

Funso: Ndili ndi zaka 52 ndipo ndinapuma pantchito. Kodi ndingayambe kuyimbira basketball pa msinkhu uno? Wowerenga wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Mungathe, bambo, makamaka m'masewera a masukulu. Koma yambani mwapimitsa mtima ndi BP kuchipatala, chifukwa bwalo ndi lalitali mamita 28, ndipo mudzathamanga uku ndi uku zigawo zinayi za mphindi 10, nthawi zina padzuwa la Okutobala.

Pezani malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, muloweze nthawi izi: masekondi 24 oponyera mpira ku ring'i, 8 owolokera pakati, 5 oponyera mpira kuchokera kunja, ndi 3 oima pansi pa ring'i ya adani. Wosewera akachita faulo kasanu, watuluka. Za maphunziro funsani a Zambia Basketball Federation, ndipo poyembekezera khalani kaye patebulo lolemba zigoli.

Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi kutsata mpira ndi maso. Oyimbira mukakhala awiri, wina amaima kumzere wakumapeto, wina amatsalira kumbuyo, aliyense ndi dera lake. Nonse mukayang'ana mpira, zigongono zimadyana pansi pa ring'i popanda woona. Imbani wezulo kamodzi, mwamphamvu, mkono m'mwamba: chibakera ngati wina wachita faulo, chikhatho chotambasula ngati wayenda ndi mpira. Gulani wezulo wopanda kanjere mkati. Wa kanjere akanyowa ndi malovu amakanirira.