Kodi mwana wa mfumu yochotsedwa pampando amadya chani?

FUNSO: Zikomo akuluakulu, tsamba lanuli ndimalikonda. Tatsutsana ndi amuna anga, iwo akuti ana ndi zidzukulu za mafumu aja anachotsedwa pampando, ngati aku Iran kapena ku Rwanda, mpaka pano boma limawalipirabe mwezi ndi mwezi nde amangokhala phee kudya zaulere. Ine ndikuti ayi, ufumu ukatha watha basi. Akunena zoona ndani? Nanga alipo amene anabwererapo pampando? Ndine mayi wowerenga wanu.

YANKHO: Mayi, mwawina ndinu, koma bambo akunyumbawo musawaseke kwambiri chifukwa ali ndi kampata kothawira. Ku Montenegro mu 2011 anakhazikitsa lamulo loti Prince Nikola, mutu wa banja lachifumu lakale, azilandira malipiro ochokera ku boma. Ku Serbia nako Alexander, mwana wa mfumu yomaliza ya Yugoslavia, yemwe anabadwira mu hotela ya Claridge's ku London mu 1945 makolo ake ali kothawa nkhondo, anamulola kukhala m'nyumba yachifumu ku Belgrade kuyambira 2001. Koma awa ndi amwayi, ambiri amasaka okha ndalama ya lendi ngati wina aliyense.

Popeza mwatchula Rwanda tiyeni tikhale pomwepo pang'ono, chifukwa nkhani yake ndi yomvetsa chisoni zedi. Mfumu Kigeli V anachotsedwa mu 1961 anthu atavota pa referendamu kuti ufumu uthe, nde anazungulira ku Tanganyika, Uganda, Kenya mpakana anakathera ku America mu 1992, komwe amakhala mu kafulati ku Oakton m'dera la Virginia, lendi yake yothandizidwa ndi boma la America ndipo chakudya amagula ndi thandizo lomwe amapatsa anthu osauka. Munthu woti anali mwami, kutanthauza mfumu ya Rwanda, eti. Sanakwatire moyo wake wonse, ati mfumu siikwatira ili kunja kwa dziko lake, ndipo kubwerera ku Rwanda ngati nzika wamba amakana, amafuna akalowe ngati mfumu. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 80, achibale nkuyamba kulimbirana mtembo mpaka nkhani kukafika kukhothi, kenako anakamuika ku Nyanza mu January 2017.

Nde wolowa m'malo wake? Anthu a Kigeli analengeza mwana wa m'bale wake, Emmanuel Bushayija, kuti ndi Yuhi VI. Bamboyu anagwirako ntchito ku kampani ya Pepsi ku Uganda ndipo panthawi yomwe amamulengezayo amakhala m'nyumba wamba ku Sale, kufupi ndi Manchester. Achibale ena anakana kuti sakumudziwa ngati mfumu, boma la Rwanda nalo silinamuvomereze. Ichi nde chimandidabwitsa pa mabanja amenewa, mpando kulibe koma mkangano wa amene akuyenera kukhalapo siutha, ku France kokha kuli magulu atatu olimbirana, awiri a banja la Bourbon ndi limodzi la Napoléon, pomwe dzikolo lakhala lopanda mfumu kuyambira 1870.

Za ntchito musachite kufunsa. Michael wa ku Romania atakakamizidwa kutula pansi ufumu mu 1947 anawetako nkhuku ku England, kenako nkukagwira ntchito yoyesa ndege ku Switzerland. Georg Friedrich wa ku Germany, wa mtundu wa Kaiser Wilhelm II uja anatula pansi mu 1918, anayambitsa bizinesi yofulula mowa, ndipo kwa zaka zambiri amakokana ndi boma pa katundu wa makolo ake yemwe analandidwa nkhondo yachiwiri itatha, mpaka mu 2023 anasiya milandu yofuna chipukuta misozi. Emanuele Filiberto wa ku Italy, yemwe malamulo amamuletsa kuponda m'dzikomo mpaka 2002, anakawina mpikisano wovina wa pa TV mu 2009. Olo museke, koma dzina ndi lomwe limawagulitsa, ndipo ine sindiwada nazo, nanga adye ulemu?

Pa funso lanu lachiwiri, inde alipo koma ochepa. Juan Carlos anakhala mfumu ya Spain mu 1975 pomwe agogo ake Alfonso XIII anathawa mu 1931, koma anachita kusankhidwa ndi Franco, msilikali yemwe amalamulira Spain mwankhanza. Simeon wa ku Bulgaria nde anachita zachilendo, anavekedwa ufumu ali ndi zaka 6 mu 1943, kuchotsedwa mu 1946, kukhala zaka 50 kunja akuchita bizinesi ku Madrid, kenako anayambitsa chipani, kuwina zisankho nkukhala nduna yaikulu kuyambira 2001 mpaka 2005, anthu atatopa naye anamuchotsa ndi voti ngati wandale wina aliyense. Ku Uganda, Pulezidenti Obote anathetsa maufumu mu 1967, Kabaka Mutesa II, mfumu ya Buganda, nkufera ku London mu 1969, koma mwana wake Ronald Mutebi anavekedwa mu 1993 boma la Museveni litalola, kungoti ndi ufumu wa chikhalidwe, asilikali alibe ndipo malamulo samulola kulowa ndale.

Wa ku Iran mwamutchulayo, Reza Pahlavi, boma la kwawo silimupatsa kanthu, limamutenga ngati mdani. Bambo ake, mfumu yomaliza ya Iran, anathawa mu 1979, iye wakhala zaka zambirimbiri ku America, ndipo ku Tehran sanapondenso.