Mtsikana wanga akusintha nkhope tsamba lililonse

Funso: Ndinapeka mtsikana wangawanga wa m'nthano ya zithunzi, koma ndikamujambulanso amaoneka ngati munthu wina. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mukujambula zapamtima, n'chifukwa chake. Tengani pepala limodzi, mumujambule katatu: chakumaso, cham'mbali ndi chakumbuyo, msinkhu wofanana. Muyezeni ndi mutu wake womwe. Munthu wamkulu amakwana mitu 7 kapena 8, ndipo nambala imene mwasankhayo isasinthenso. Maso azikhala pakatikati pa mutu. Ambiri amawakwezera pamphumi, nkhope n'kutalika.

Kenako mupatseni zizindikiro zitatu zosasintha, monga kachipsera pansi pa diso lamanzere. Lembani pambali kuti "lamanzere", chifukwa akatembenuka, kachipserako kamasamukira kumanja inu osadziwa. Pepalali lizikhala pamaso panu nthawi zonse mukamajambula.