Funsani Azaumoyo: Kulipira ku chipatala cha mishoni

FUNSO: Chipatala cha boma chili kutali ndi kwathu, ndiye mayi akunyumba amapita kusikelo ku cha mishoni. Chaka chatha amayi ankachira ulere kumeneko, koma pano akuti tilipire. Chasintha n'chiyani? – Bambo wa ku Dowa

YANKHO: Bambo, zipatala za mishoni zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, ndipo zimalipiritsa chifukwa mankhwala ndi zipangizo zambiri zimadzigulira zokha, ngakhale malipiro a ogwira ntchito amachokera ku boma. Kuyambira 2006 boma lidayamba kusainirana mgwirizano wotchedwa SLA ndi zina mwa zipatalazi, makamaka kumadera komwe kulibe cha boma pafupi. Mayi woyembekezera amathandizidwa ulere, chipatala n'kulemba bilu yoti boma libweze.

Apa m'pomwe pamavuta. Boma likachedwa kubweza ndalamazo kwa miyezi, chipatala chimasowa chogulira magolovesi, mankhwala ndi mafuta a ambulansi, mapeto ake chimaimitsa mgwirizano. Komanso mgwirizano uliwonse uli ndi malire ake: umatchula midzi yoyenera kuthandizidwa ndi chithandizo chomwe chili mkati. Kawirikawiri ndi sikelo, kuchira ndi chisamaliro cha khanda. Matenda ena a mayi yemweyo akhoza kukhala olipira.

Choncho funsani mkulu wa chipatalacho ngati mgwirizano ukugwirabe ntchito, ndipo ngati mudzi wanu ulimo. Mukalipira, tengani lisiti. Mukapanda kukhutira, kadandauleni ku komiti ya chipatala, ndipo amfumu akatule nkhaniyo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu. Musasiye sikelo podikira yankho, chonde. Nthawi ikamayandikira, mayi akadikirire kuchipatala, pakuti kutaya magazi kumapha msanga, galimoto isanapezeke n'komwe.

FUNSO: Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu adakana kundipatsa mankhwala a malungo, koma mwana wa mnzanga adampatsa. Si tsankho limeneli? – Mayi wa ku Mangochi

YANKHO: Ayi, mayi, ndi momwe ndondomeko ilili. Chipatala cha m'mudzi chomwe alangizi amayendetsa n'cha ana a miyezi 2 mpaka osakwana zaka 5. Mlangizi amayeza malungo n'kupereka LA, amapereka amoxicillin pa chibayo, komanso Thanzi ndi zinki mwana akatsekula m'mimba. Akuluakulu ndi makanda osakwana miyezi 2 amawatumiza kuchipatala, chimodzimodzinso mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse kapena akukana kuyamwa.

Chodandaulitsa chenicheni n'choti alangizi ambiri sakhala m'dera lomwe amagwira ntchito chifukwa chosowa nyumba, ndiye mwana akatentha thupi usiku palibe womuona. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ikhoza kukambirana ndi amfumu zoumba njerwa za nyumba ya mlangizi, n'kupempha malata ndi simenti ku khonsolo kudzera mwa khansala.