Dipoziti ya makabati idikire kaye, yambani ndi pomwe padzakhale sinki

Mayi, mwafunsa kuti mwa makampani atatu amene akupatsani makoteshoni a makabati a m'khitchini musankhe iti, komanso ngati mungalipiretu dipoziti panopa pomwe amisiri akadali mkati mogumula ndi kumata makoma. Dipozitiyo idikire kaye. Makoteshoniwo musawayerekezenso poyang'ana ndalama yomwe ili pansi pa pepala, chifukwa n'kutheka kuti kampani iliyonse yawerengera khitchini yakeyake. Choyamba ndi pulani yanu: sinki pati, sitovu pati, firiji pati. Zitatuzi zikapeza malo, mapaipi ndi mawaya amatsatira, makabati n'kubwera pomaliza.

Yambani ndi sinki, chifukwa ndiyo yovuta kusuntha. Madzi a kumpopi mungawakokere kulikonse, amabwera ndi mphamvu yawo. Madzi otsukira mbale amangodalira kutsetsereka. Paipi yake imakhala ya mamilimita 40 kapena 50, ndipo imafunika kutsika pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Sinki ikakhala kutali ndi potulukira madzi, paipi imatalika n'kugona, mafuta amaundana mkati, ndipo kutsekeka sikutha. Ngati pomwe panali sinki yakale sipakusokonezani, isiyeni pomwepo kapena muisunthe pang'ono pa khoma lomwelo. Ngati mukufuna makina otsukira mbale, malo ake ndi masentimita 60 m'lifupi, moyandikana ndi sinki, kuti agwiritse ntchito mapaipi omwewo.

Sitovu isakhale pansi pa zenera: mphepo imagwedeza moto wa gasi, ndipo katani ili pafupi. Isakhalenso kuseri kwa chitseko kapena yokhudzana ndi khoma la m'mbali. Siyani kauntala (thabwa kapena mwala wa pamwamba pa makabati a pansi) ya masentimita osachepera 30 mbali iliyonse kuti zogwirira za mapoto zipeze malo, komanso pakhale poika poto wotentha. Malo ofunika kuposa onse m'khitchini ndi kauntala ya pakati pa sinki ndi sitovu, chifukwa kutsuka, kuduladula ndi kuphika zimakumana pamenepo. Masentimita 60 ndi ochepetsetsa, 80 mpaka 100 ndiye abwino. Ngati malo akuchepa, kuli bwino kutaya kabati imodzi yaitali kusiyana ndi kupanikiza pamenepa.

Firiji ikhale kumapeto kwa mzere, chakufupi ndi khomo, kuti wofuna madzi ozizira asamadutse kumbuyo kwa wophika. Ikakhala m'mbali mwa khoma, siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10, apo ayi chitseko chake sichidzatseguka mokwanira ndipo madirowa a mkati sadzatuluka. Kumbuyo ndi pamwamba imafunanso mpata wopumira monga momwe kabuku kake kanenera. Firiji yotsekeredwa m'kabati yopanda mpweya imalira tsiku lonse, n'kumadya magetsi.

Okonza mapulani amakonda kunena kuti mtunda wochoka pa sinki kupita pa sitovu, kukafika pa firiji n'kubwereranso, ukhale wa pakati pa mamita 4 ndi 8. Lamuloli ndi lothandiza, koma musalipembedze. Limene simuyenera kuliphwanya ndi la njira yodutsa: pakati pa makabati oyang'anizana pakhale masentimita 120 ngati mumaphika awiri, ndipo pasachepere 100. Chitseko cha uvuni chikatsegulidwa chimadya pafupifupi theka la mita. Ambiri amakakamira kauntala ya pakati pa chipinda chifukwa anaiona pa zithunzi, koma ngati siikusiyirani mita yathunthu mbali zonse zodutsa, isiyeni ndithu.

Miyezo yodziwika ndi iyi. Kauntala imatalika pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo kuchoka kukhoma kufika kutsogolo ndi 60. Wophika akakhala wamtali kapena wamfupi kwambiri, aimirire apinde mkono, kauntala ikhale masentimita 10 mpaka 15 m'munsi mwa chigongono. Makabati a m'mwamba amatuluka masentimita 30 mpaka 35 kuchoka kukhoma, ndipo amayambira masentimita 50 kapena 55 pamwamba pa kauntala. Chokoka utsi chimakhala pafupifupi masentimita 65 pamwamba pa sitovu yamagetsi, 75 pamwamba pa yagasi, pokhapokha opanga atanena zina. Ngati n'kotheka chitulutsire utsi panja pa paipi ya mamilimita 125 kapena 150, yaifupi, yosakhotakhota. Chija chongosefa mpweya n'kuubwezera m'nyumba chimachepetsa fungo, koma nthunzi imatsala, ndipo nthunzi ndiyo imafufumitsa zitseko za makabati a m'mwamba.

Musanavomereze pulani, tengani choko mujambule makabati onse pansi m'chipindamo pa muyezo wake weniweni, kenako muyendemo ngati mukuphika.

Tsopano makona, pomwe mapulani ambiri amagwera. Makabati awiri akakumana pakona popanda kathabwa kotsekera mpata ka masentimita pafupifupi 5, dirowa ya mbali ino imagunda chogwirira cha mbali inayo, kapena chogwirira cha uvuni, ndipo imatseguka theka lokha. Papepala sizioneka. Funsani wojambulayo akuonetseni kathabwako pa pulani, pakona iliyonse komanso pomwe kabati ikukumana ndi khoma. Chinanso, makoma a nyumba zambiri si owongoka. Yezani khoma lililonse patatu: pansi, pa msinkhu wa kauntala, ndi m'mwamba, n'kutenga muyezo wochepa kwambiri. Kuti mudziwe ngati kona ili sikweya, yezani masentimita 60 pa khoma limodzi ndi 80 pa linalo kuchokera pakona. Pakati pa madontho awiriwo payenera kukhala 100 ndendende. Pakapitirira kapena kuperewera, kauntala idzafunika kudulidwa motsatira khomalo, ndipo kampani iyenera kudziwa zimenezi isanadule kalikonse.

Apa ndi pomwe pali chifukwa chenicheni chodikirira dipoziti. Pulasitala imawonjezera sentimita imodzi kapena awiri pa khoma lililonse, ndipo matailosi ndi simenti yake amakweza pansi. Makabati odulidwa pa miyezo ya njerwa zosamata sadzalowa. Ntchito iyende motere: kugumula, kuika mapaipi ndi mawaya motsatira pulani, kumata, kudikira kuti pulasitala iume, kuyala matailosi a pansi, kupaka penti yoyamba, ndiyeno kampani ibwere kudzayeza komaliza. Matailosi a pansi ayalidwe mpaka kukhoma. Akangolekezera kutsogolo kwa makabati, makina otsukira mbale amatsala m'dzenje, ndipo tsiku lowonongeka satuluka popanda kuswa tailosi kapena kutukula kauntala. Pulasitala yosauma nayo imalowetsa chinyezi kumbuyo kwa makabati, nkhungu n'kumera komwe simungafikeko.

Wamagetsi mumupatse pulani yomweyo. Sitovu yamagetsi ndi uvuni zimafuna waya wawowawo wochokera ku bokosi lalikulu la magetsi, wokula molingana ndi mphamvu yake, osati kulumikiza pa mzere wa masoketi. Masoketi a pakauntala akhale pafupifupi masentimita 15 pamwamba pake, masentimita osachepera 30 kuchoka pa sinki, ndipo pamwamba pa sitovu pasakhale soketi. Soketi ya makina otsukira mbale ikhale m'kabati yoyandikana nayo, chifukwa ikakhala kumbuyo kwenikweni pulagi imakankhira makinawo kutsogolo. Pulambala aike timavavu totsekera madzi pansi pa sinki, kuti mpopi ukadontha musamatseke madzi a nyumba yonse.

Pulani ikatha, ipatseni makampani atatuwo, yofanana, ndipo aliyense alembe koteshoni yofotokoza chinthu chimodzichimodzi. Koteshoni ya mzere umodzi, yongoti makabati ndi kauntala ndalama zakuti, ibwezeni. Alembe mtundu wa bolodi ndi kuchindikala kwake. Thupi la kabati likhale la mamilimita 16 kapena 18, ndipo 18 ndiye sapindika msanga pa mashelefu aatali. Chipboard ndi MDF, mabolodi opangidwa ndi tizidutswa ta matabwa tomatidwa pamodzi, ndi zabwino pouma, koma zikamwa madzi zimafufuma ndipo sizibwereranso, ndiye kabati ya pansi pa sinki ikhale ya plywood kapena ya bolodi yopangidwira malo achinyezi. Alembenso za m'mphepete mwa mabolodi: kapepala kopyapyala komatira m'mphepete kamasupuka ndi nthunzi, pomwe ka pulasitiki ka milimita imodzi kapena awiri kamapirira. Ndipo m'mphepete monse mumatidwe, ngakhale mosaoneka, chifukwa madzi amalowera kumeneko. Makabati aime pa miyendo ya pulasitiki yokwezeka ndi kutsitsika, kutsogolo kutsekedwe ndi thabwa lochotseka. Kabati yokhala pansi mwachindunji imamwa madzi okolopera mpaka kuola.

Mahinjesi ndi njanji za madirowa ndiye zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pomwe koteshoni yotchipa imabisa kutchipa kwake. Alembe dzina la wopanga, kaya ndi Blum, Hettich kapena wina, osangoti "zabwino". Njanji zikhale zotulutsa dirowa yonse, zonyamula makilogalamu 30 kapena kuposa. Pa makabati a pansi ndimalimbikitsa madirowa akuluakulu m'malo mwa zitseko, ngakhale amakwera mtengo, chifukwa mapoto onse amaonekera pamwamba, palibe kugwada n'kumafufuza kumbuyo.

Za kauntala sindichulukitsa. Ya laminate, yomwe ndi bolodi yokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala, ndi yotsika mtengo, koma pobooledwa kuti palowe sinki pamafunika kumatidwa bwino ndi silikoni, apo ayi imafufuma. Granite, yomwe ndi mwala wachilengedwe, imapirira kutentha koma imafuna kupakidwa mankhwala otseka timabowo take kuti isamwe mafuta. Quartz, yomwe ndi mwala wochita kupanga, siimwa madontho, koma ili ndi utomoni mkati, poto wochoka pamoto amatha kuisiyira chipsera. Ya mwala iliyonse iyezedwe makabati a pansi ataikidwa kale ndi kuwongoledwa ndi levulo, osati kuchokera pa pulani.

Sinki, sitovu, uvuni ndi firiji zisankhidwe makabati asanadulidwe, ndipo kampani ilandire nambala za mitundu yake. Bowo la sitovu likadulidwa pa mwala silibwezeka.

Pa kampani yeniyeniyo, zoonetsa m'shopu sizikuuzani zambiri, zonse zimawala. Pemphani kuti mukaone khitchini imene anaika zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, eni ake akalola. Mukatsegule kabati ya pansi pa sinki, mukhudze m'mphepete mwa zitseko zoyandikana ndi uvuni, muone ngati mipata ya pakati pa zitseko ikadali yofanana. Funsani ngati oikawo ndi antchito awo kapena aganyu, chifukwa woyeza, wodula ndi woika akakhala anthu osiyana, cholakwika chimasowa mwini. Pa mgwirizano palembedwe kuti muyezo womaliza ndi udindo wa kampani, tsiku lobweretsa ndi lomaliza, kutalika kwa chitsimikizo pa mabolodi ndi pa zitsulo, komanso amene adzalumikize madzi, magetsi ndi gasi. Makampani ambiri sachita zomalizazi, ndipo gasi amafuna munthu wovomerezeka.

Malipiro agawidwe patatu: dipoziti muyezo womaliza ukatengedwa ndipo mwasainira zojambula, gawo lachiwiri katundu akafika ndipo mwamuwerenga, lomaliza, mwina 10 peresenti, ntchito ikatha. Musanapereke lomalizalo tsegulani chitseko ndi dirowa iliyonse mpaka kumapeto, ikani levulo pa kauntala m'litali ndi m'lifupi, gwedezani makabati a m'mwamba muone ngati agwira khoma. Dzazani sinki, mutsegule madzi onse apite kamodzi, pansi pake mutayala pepala louma. Zolakwika zonse zilembedwe pa pepala limodzi, nonse musaine, ndipo ndalama yotsalayo ituluke zikakonzedwa.