Gemu yoti mathero ake ukuwadziwa kale

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukufunsa kuti munthu amapindulanji kuonera gemu yakale pomwe zigoli akuzidziwa kale, komanso ngati zingawathandize anyamata akusukulu amene ukuwaphunzitsa aja. Enanu m'gulu muno amene mpira sukukukhudzani mundikhululukire, uthengawu utalikirapo, mutha kungoudumpha.

Tamvera. Kudziwa mathero n'komwe kumakumasula maso. Gemu ikamaseweredwa pompopompo mtima umakhala m'mwamba, maso amangomatirira pampira, komwe wapita iwenso uli komweko. Koma pabwalo pali anthu 22, mpira ndi umodzi. Pa mphindi 90 zija, nthawi imene wosewera mmodzi amakhala ndi mpira kuphazi ndi yochepa zedi. Nthawi ina yonseyo akutseka njira, akukoka mdani, akuima pomwe mnzake wachoka. Ntchito imeneyo suingaione uli ndi nkhawa yoti kodi tibweza. Gemu yakale ilibe nkhawa. Ukudziwa kuti chigoli chikubwera pa mphindi 54, ndiye pofika 52 ukhoza kuusiya mpirawo n'kumayang'ana amene akuchiphika. N'chifukwa chake ma highlights a mphindi zisanu ndi zitatu aja sangakuthandize pa ntchito imeneyi. Amakuonetsa nsima ili kale m'mbale, kuvundula kwake ayi. Funafuna gemu yathunthu.

Yamba ndi fayinolo ya Champions League ya 2005 ku Istanbul, Liverpool ndi AC Milan. Nkhani yake aliyense amaidziwa: 3-0 popita kopuma, 3-3 pofika mphindi 60, Liverpool n'kutenga chikho pamapenate. Anthu amangoti unali mtima wa Gerrard, kaputeni wa Liverpool. Mtimawo unalipo, sindikukana, koma mtima sungawaphunzitse ana Lachiwiri masana. Iwe chigawo choyamba chonse maso ako akhale pa Kaká wa Milan yekha, jezi nambala 22. Milan pakati inaika anthu anayi: Pirlo m'munsi, Gattuso ndi Seedorf m'mbali mwake, Kaká pamwamba. Liverpool pakatipo inali ndi awiri okha, Gerrard ndi Alonso. Gerrard akakwera, Alonso ankatsala yekha, ndiye pakati pa iye ndi otchinga kumbuyo pankakhala malo opanda mwini. Tenga pepala. Nthawi iliyonse Kaká akalandira mpira n'kutembenuka atayang'ana golo la Liverpool, lemba kamzere. Chigoli chachitatu chija, cha Crespo pa mphindi 44, chikubadwa choncho: Kaká watembenuka, womutsekera palibe, waponya mpira wapansi wautali womudutsa Carragher.

Kopuma kuja Benítez, mphunzitsi wa Liverpool, anatulutsa Finnan, yemwe anavulala, n'kulowetsa Hamann. Kumbuyo kunatsala atatu, Carragher, Hyypiä ndi Traoré, ndipo Hamann anakakhala m'malo opanda mwini aja. Pitiriza timizere tako m'chigawo chachiwiri uyerekeze wekha. Tsono poti pakhomo patsala mlonda, Gerrard anamasuka kulowa m'bokosi. Chigoli chake chamutu pa 54, krosi yoyamba ya Riise inatchingidwa, mpira unabwerera kwa iye, n'kuponyanso. Imitsa pomwe akuponya kachiwiripo uone pamene Gerrard waima, popanda womutsamira. Pa 56 amene akumugonekera Smicer mpira ndi Hamann yemweyo. Pa 60 penate ikubwera chifukwa Gerrard wathamangiranso m'bokosi kuchokera pakati, Gattuso akumutsata pambuyo n'kumugwetsa. Dida, goloboyi wa Milan, anaitchinga ya Alonso, koma Alonso anamalizitsa wobwererawo. Usazimitse pamenepo ayi. Ancelotti, mphunzitsi wa Milan, atalowetsa Serginho kumanzere, Gerrard anakasewera kumbuyo kumanja kuti amutseke. Ndipo ukaonera yonse uvomereza kuti Milan ndi imene inasewera bwino pafupifupi usiku wonse, kupatula mphindi zisanu ndi imodzi zija. Dudek, goloboyi wa Liverpool, akanapanda kutchinga kawiri mipira ya Shevchenko kumapeto kwa nthawi yoonjezera, bwenzi lero tikukamba zina.

Tsono kaoneredwe kake. Ulendo woyamba ingoonera osaimitsa, usangalale nayo ngati wina aliyense. Ulendo wachiwiri idule m'zidutswa za mphindi 15, zikhala zisanu ndi chimodzi, ndipo ulendo umodzi ukhale ndi funso limodzi basi. Mwachitsanzo, timu iyi ikataya mpira, ndani amayamba kuthamangira woutenga, ndipo ena amabwerera kapena amakwera? Ukafuna kuona zonse nthawi imodzi, maso amabwerera kumpira osadziwa iwe. Papepala lemba zitatu: mphindi, dzina kapena nambala ya jezi, ndi chomwe chachitika. Chigoli chikalowa usabwerere masekondi khumi okha. Bwerera mpaka pomwe mpira unachoka kwa timu ina kupita kwa inzake komaliza, chifukwa cholakwa nthawi zambiri chimakhala pamenepo, osati kwa goloboyi amene aliyense akumukuwiza. Imitsa pamenepo, werenga kuti ndi angati ali kumbuyo kwa mpira, jambula timadontho papepala. Ndipo mawu a wolengeza atsitse. Wolengeza ntchito yake ndi kutsata mpira ndi kutchula mayina akuluakulu, ndiye amakukokera komweko.

Pa YouTube, ukagogoda kawiri kumanzere kwa sikirini imabwerera masekondi khumi, kumanja imapita patsogolo. Liwiro ukhoza kulitsitsa kufika 0.5. Ngati uli pakompyuta, ukaimitsa, batani la koma ndi la mpumiro zimasuntha chithunzi chimodzichimodzi, zothandiza kwambiri poona ofusayidi kapena kuti wolandira mpira anayang'ana kumbuyo asanaulandire. Magemu ena athunthu a World Cup FIFA inawaika pa tchanelo chake cha YouTube. Zabandulo, usatsike pansi pa 480p. Pa 240p udzapulumutsa ndalama, koma manambala a jezi sawerengeka, osewera amangooneka ngati nyerere, ndiye ntchito yonse yagwa. Bola kudikira bandulo yausiku kapena pomwe pali wifi.

Kwa anyamatawo usawaonetse mphindi 90, adzayamba kutsinana pofika mphindi khumi. Sankha tizidutswa titatu, kalikonse kosapitirira mphindi imodzi. Ngati ndi pafoni, anayi kapena asanu nthawi imodzi, osati gulu lonse. Imitsa mpira usanachoke kuphazi, uwafunse kuti akanakhala iwo akanaponya kuti, ayankhe kaye, kenako sewetsa aone. Tsiku lomwelo pitani nazo pabwalo. Za Istanbul zija, yeza masitepe 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, ika anayi aime ngati a Milan aja, awiri awatchinge. Awiriwo adzathedwa nzeru msanga. Kenako onjezera wachitatu, umuuze kuti iye saloledwa kukwera, ntchito yake ndi kukhala pafupi ndi wapamwamba uja. Adzamva kusiyanako m'miyendo mwawo, sipafunikanso kulalikira.

Magemu ena amene ali ndi phunziro looneka bwino. Germany 7, Brazil 1, mu 2014 ku Belo Horizonte. Anthu amaionera kuti aseke, koma iwe yang'ana kona ya Kroos pa mphindi 11: David Luiz akuyenera kumutsata Müller, watsekeredwa njira pakati pa anthu, Müller akumenya ali yekhayekha pafupi ndi golo. Kenako onera kuyambira 23 mpaka 29, zigoli zinayi. Brazil inalibe Thiago Silva, amene analetsedwa chifukwa cha makadi, komanso Neymar anavulala, koma chachikulu n'chakuti akangogoletsedwa aliyense ankafuna kubweza yekha, malo ake n'kuwasiya. Chigoli cha 4-0 chija Fernandinho akulandidwa mpira ndi Kroos atangoyambanso kumene pakati. Ana ako awone zimenezi, uwauze kuti mukagoletsedwa, mphindi zisanu zotsatira n'zothinana, kubweza kumabwera pambuyo.

Ya kumaka munthu ndi munthu, pita ku fayinolo ya World Cup ya 1970, Brazil 4, Italy 1. Chigoli chomaliza cha Carlos Alberto anthu amatamanda njomba za Clodoaldo ndi mpira womugonekera wa Pelé. Iwe yang'ana Jairzinho. Malo ake anali kumanja, koma walowera kumanzere, ndipo Facchetti, amene anapatsidwa kuti amumake, wamutsata komweko. Mbali yonse yakumanja yatsala pululu, Carlos Alberto akubwera kuchokera kumbuyo ngati basi yam'mawa. Mwana wako akamati ine ndinauzidwa kuti ndimake nambala 7, muonetse chimenechi.

Zapafupi nafe zilipo. Zambia ndi Ivory Coast, fayinolo ya AFCON ya 2012 ku Libreville, mzinda womwe ndege ya timu ya Zambia inagwera m'nyanja chapafupi mu 1993. Inatha 0-0, Zambia n'kupambana 8-7 pamapenate, Sunzu ndiye anamenya yomaliza. Anthu amakumbukira Drogba akuponya penate pamwamba pa chitsulo ndi Renard, mphunzitsi wa Zambia, atanyamula Musonda wovulala kupita naye kokasangalala. Koma mphindi 120 zopanda chigolizo n'zimene zili ndi ntchito kwa timu ngati yako, ya ana ang'onoang'ono m'thupi. Ona mmene a Zambia ankakhalira pafupipafupi akataya mpira, mmene Katongo ndi Kalaba ankatulukira mofulumira akaulanda, ndi kona yokonzeratu imene anayesa kumayambiriro kwenikweni, Sinkala n'kumenya, goloboyi Barry n'kutchinga. Ivory Coast mpikisano wonsewo sinagoletsedwe ngakhale chimodzi, koma chikho sinatenge.

Za Flames ya Kinnah Phiri pa AFCON ya ku Angola mu 2010, ukazipeza zathunthu, uonere ziwiri motsatizana. Ya Algeria ku Luanda, 3-0, Mwafulirwa, Kafoteka ndi Davi Banda. Kenako ya Mali, patangopita sabata, yomwe tinagonja 3-1, Kanouté ndi Keita atagoletsa ziwiri mphindi zisanu zisanakwane n'komwe. Timu yomweyo, mphunzitsi yemweyo. Ingoyerekeza mphindi khumi zoyambirira za magemu awiriwo. Yachiwiriyo imapweteka kuionera, ndikudziwa, koma ili ndi zambiri zolemba papepala kuposa yoyambayo.

Tsono pali misampha, imvetsetse apa. Woyamba ndi malamulo. Gemu iliyonse ya chisanafike chaka cha 1992, goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira womubwezera mnzake ndi phazi. Ndiye ukaona otchinga kumbuyo a nthawi imeneyo akuoneka odekha, dziwa kuti anali ndi pothawira pomwe ana ako alibe. Chisanafike chaka cha 2019, golokiki inkayenera kutuluka m'bokosi wina asanaugwire mpira, choncho kuyambira kumbuyo ndi timipira tatifupi kumene ukuona lero sungakupeze m'magemu akale. Kusintha osewera, mu 2005 anali atatu okha, lero ndi asanu, n'chifukwa chake ku Istanbul ukuona Carragher akudzikoka ndi minyewa yokungika mpaka kumapeto. Nanga matakulo. Onera Cameroon ndi Argentina mu 1990, Omam-Biyik akugoletsa chamutu, Cameroon n'kupambana 1-0 itatsala ndi anthu asanu ndi anayi. Gemu yokoma, koma zimene Massing wa Cameroon anamuchita Caniggia wa Argentina ana ako asazione ngati chitsanzo, ngakhale tsiku lomwelo inali khadi yofiira.

Msampha wachiwiri ndi kamera. Ya pa TV imatsata mpira, ndipo zithunzi zakale n'zopapatiza, ndiye wosewera wa mbali yakutali ndi mzere wa otchinga nthawi zambiri sizioneka. Usaweruze munthu amene sukumuona. Ukafuna kudziwa kaimidwe ka timu yonse, imitsa pa golokiki kapena poyambira pakati, pamenepo kamera imatambasula.

Wachitatu ndi liwiro. Anyamata adzakuuza kuti akalewa ankangoyenda. Fayinolo ya 1970 ija inayamba 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, ku Mexico City komwe ndi kokwera kupitirira mamita 2,000, kupuma kumavuta. Kuyendako kunali kusunga mphamvu. Chimene ukatengeko kumeneko ndi kaimidwe ndi nthawi yoponyera mpira, osati liwiro lake. Ndipo usakopere fomeshoni yonse. Anthu atatu kumbuyo anagwira ntchito ku Istanbul chifukwa cha vuto limene Milan inabweretsa usiku umenewo. Timu yapafupi nanu imene imangoponya mipira yaitali m'mbali, atatu kumbuyo adzakugwetsa. Tenga kanthu kamodzi kogwirizana ndi vuto lomwe anyamata ako ali nalo.

Ndiye sabata ino chita chonchi. Peza ya Istanbul, onera kuyambira mphindi 30 mpaka 60 yokha, kawiri. Ulendo woyamba Kaká, wachiwiri Hamann kuyambira pomwe walowa. Jambula pepala la timizere lija unditumizire kumbali, tisadzaze gulu lino, amayi ako angatithamangitse.